Kuziziritsa mkangano: zomwe apolisi a ku America akuphunzitsidwa, ndi zomwe zinapezeka ku Louisville

Mzinda wa Louisville, m'chigawo cha Kentucky ku America, umatchulidwa pa nkhani ziwiri zomwe zimaoneka ngati zikutsutsana. M'chaka cha 2019, apolisi oposa 1,000 a mumzindawu anaphunzitsidwa njira zoziziritsira mkangano, ndipo akatswiri a kafukufuku atawerengera bwino anapeza kuti kugwiritsa ntchito mphamvu pa anthu kunatsika, kuvulala kwa anthu wamba kunachepa, ndipo kuvulala kwa apolisi eni ake kunachepa koposa. Koma pa 13 Malichi 2020, patangopita miyezi yochepa maphunzirowo atatha, apolisi a mumzinda womwewo anathyola chitseko cha nyumba ya Breonna Taylor pakati pa usiku, ndipo mayi wa zaka 26 ameneyu, yemwe ankagwira ntchito m'chipatala, anawomberedwa mpaka kufa ali m'nyumba mwake. Patapita miyezi iwiri, pa 25 Meyi, George Floyd, bambo wakuda, anafa mumzinda wa Minneapolis wapolisi atamupanikiza khosi ndi bondo kwa mphindi zoposa 9, ndipo zionetsero zinabuka m'dziko lonselo mpaka kufalikira kumayiko ena.

Kuchokera nthawi imeneyo, anthu okamba za kusintha ntchito ya upolisi amagawikana pawiri. Ena amaloza manambala a ku Louisville n'kunena kuti mankhwala a nkhanza za apolisi apezeka, pamene ena amaloza manda a Breonna Taylor n'kunena kuti maphunzirowa ndi chiphamaso chabe. Mbali zonse ziwiri zikunena zinthu zomwe zinachitikadi, ndipo chisokonezo chimabwera chifukwa anthu ambiri sanafotokozeredwe kuti maphunzirowa anakonzedwera mavuto a mtundu wanji.

Kodi kuziziritsa mkangano n'chiyani?

Pachingerezi amati de-escalation, ndipo m'nkhani ino tizingoti kuziziritsa mkangano. Tanthauzo lake ndi zonse zomwe wapolisi amalankhula ndi kuchita pofuna kuti munthu wokwiya, wamantha, woledzera kapena wosokonezeka maganizo atsike mtima, kuti nkhaniyo ithe popanda kumenyana, kapena ngati mphamvu yafunikadi, ikhale yochepa monga momwe zingathekere. Aliyense amene anaphikapo mkaka amadziwa kuti ukayamba kufufuma sumaukankhira pansi ndi chikombe, koma umaphula nkhuni kuti moto uchepe. Wapolisi wophunzitsidwa bwino amayamba wafufuza nkhuni zomwe zikukoleza motowo: phokoso la sailini, khamu la anthu oonerera, kuyandikira kwambiri, ndiponso mawu ake iye mwini.

Ntchitoyi si yachilendo kwa ife. Ankhoswe akaitanidwa pabanja lomwe layaka moto sayamba ndi kuweruza ali chiimire. Amakhala pansi, amawalekanitsa awiriwo, amalola aliyense alankhule mpaka mpweya utuluke, ndipo chigamulo chimadza pambuyo. Chomwe chimasiyanitsa wapolisi ndi nkhoswe n'chakuti iye amafika pakati pa anthu omwe sakuwadziwa, ali ndi chida m'chiuno, ali ndi mphamvu ya lamulo yomanga munthu, ndipo nthawi zina munthu amene akulankhula nayeyo wagwira mpeni.

Maphunzirowa salamula wapolisi kuti asadziteteze, ndipo samuuza kuti achite kunyengerera munthu amene akuwombera anthu. Mtundu womwe wafufuzidwa kwambiri unakonzedwera makamaka nthawi yomwe munthuyo alibe mfuti: ali chimanjamanja, kapena wanyamula mpeni, chibonga, mwala kapena botolo losweka, ndipo kawirikawiri ali pa vuto la m'maganizo. Malire amenewa ndi ofunika kuwasunga m'mutu, chifukwa tibwereranso kwa iwo.

Kumene maganizowa anachokera

M'dziko la America muli nthambi za apolisi pafupifupi 18,000, za mizinda, za maboma ndi za zigawo, ndipo iliyonse ili ndi malamulo ndi kaphunzitsidwe kake. Palibe mkulu mmodzi wa apolisi amene angalamule dziko lonse kuti lisinthe, choncho maganizo atsopano amafalikira pang'onopang'ono, nthawi zambiri pambuyo pa maliro.

Chiyambi chimodzi chili ku Memphis, m'chigawo cha Tennessee. Mu 1987 apolisi anaitanidwa kukathandiza bambo wina wa zaka 27 yemwe ankadzicheka ndi mpeni, ndipo mathero ake anamuwombera n'kumupha. Anthu atakwiya, apolisi a mumzindawu anagwirizana ndi madokotala a matenda a maganizo pamodzi ndi mabanja a odwala, ndipo mu 1988 anayambitsa gulu lotchedwa Crisis Intervention Team, mwachidule CIT. Apolisi odzipereka amaphunzira kwa maola 40 za matenda a maganizo, amakumana ndi odwala ndi abale awo, ndipo amaphunzira kutengera munthu kuchipatala m'malo mwa kuchitokosi. Njira ya ku Memphis inafalikira m'mizinda yambirimbiri.

Komabe kwa zaka zambiri panali chiphunzitso china chomwe chinazika mizu kuposa chimenechi. Mu 1983 mlangizi wa apolisi wa ku Salt Lake City, Dennis Tueller, anasonyeza kuti munthu wonyamula mpeni akhoza kuthamanga mtunda wa mafiti 21, omwe ndi mamita 6 ndi kachidutswa, pa sekondi imodzi ndi theka, nthawi yofanana ndi yomwe wapolisi amatenga kuti asolole mfuti n'kuwombera. Cholinga cha Tueller chinali kuchenjeza anzake za kuopsa koyandikira, koma m'kupita kwa nthawi apolisi ambiri anayamba kuzitenga ngati lamulo lakuti aliyense wogwira mpeni amene walowa mkati mwa mtunda umenewo akhoza kuwomberedwa. Kuonjezera apo, mu 1989 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Graham ndi Connor, linagamula kuti mphamvu yomwe wapolisi wagwiritsa ntchito iziyesedwa poona zomwe wapolisi woganiza bwino akanachita pa nthawiyo ndi pa malopo. Chigamulochi chinachititsa kuti maso a makhoti ambiri azikhala pa kamphindi kowombera, osati pa mphindi khumi zam'mbuyo zomwe zinafikitsa zinthu pamenepo. Imfa zambiri zinkapezeka kuti n'zololedwa ndi lamulo ngakhale aliyense woonera kanema wake ankaona kuti zikanapeweka.

Zinthu zinasintha mu Ogasiti 2014, mnyamata wakuda dzina lake Michael Brown atawomberedwa ndi wapolisi mpaka kufa ku Ferguson, m'chigawo cha Missouri. Pulezidenti Barack Obama anakhazikitsa komiti yoona za upolisi, ndipo lipoti lake la mu Meyi 2015 linalimbikitsa kuti kuziziritsa mkangano kukhale pakati pa maphunziro a apolisi. Chaka chomwecho nyuzipepala ya Washington Post inayamba kuwerenga anthu onse owomberedwa ndi apolisi mpaka kufa, ndipo inapeza kuti ndi pafupifupi 1,000 chaka chilichonse, ndipo mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi vuto la maganizo. Bungwe la akuluakulu a apolisi lotchedwa Police Executive Research Forum, mwachidule PERF, linafunsa nthambi zambiri za momwe zimagawira nthawi yophunzitsa apolisi atsopano. Yankho lake linali lakuti kuwombera mfuti kumatenga maola 58, kulimbana ndi manja maola 49, pamene kuziziritsa mkangano kumatenga maola 8 okha. Munthu akapanikizika amachita chomwe thupi lake linazolowera, ndipo manambalawa akusonyeza chomwe thupi la wapolisi linkazolowetsedwa.

Mu Novembala 2015 mtsogoleri wa PERF, Chuck Wexler, anatenga akuluakulu a apolisi a ku America kupita nawo ku sukulu ya apolisi ya Tulliallan ku Scotland. Kumeneko apolisi ambiri sanyamula mfuti, chonsecho mizinda ngati Glasgow inadziwika kalekale ndi umbanda wa mipeni. Alendowo anaonetsedwa momwe apolisi opanda mfuti amathanirana ndi munthu wa mpeni: kubwerera m'mbuyo, kubisala kuseri kwa galimoto, kugwiritsa ntchito zishango, kuitana anzawo, ndi kulankhula naye mosatopa. Kuchokera pa zimene anaona kumeneko ndi kwina, mu 2016 PERF inatulutsa maphunziro otchedwa ICAT, dzina lofupikitsa mawu otanthauza kulumikiza kulankhula, kuyesa momwe zinthu zilili, ndi kaimidwe ka wapolisi pamalo.

Si onse anakondwera. Mabungwe awiri akuluakulu, lina la akuluakulu a apolisi ndi lina loimira apolisi wamba, anatsutsa poyera mfundo zina za PERF chaka chomwecho, ponena kuti wapolisi akaphunzitsidwa kuzengereza adzaphedwa akuganizabe. Mantha amenewa sanali opanda pake, chifukwa m'dziko lomwe mfuti zili m'manja mwa anthu ochuluka chotero, wapolisi sadziwa chomwe chili m'thumba la munthu amene wamuimika.

Zomwe wapolisi amaphunzira

Mtima wa maphunziro onsewa ndi nthawi. Alangizi amabwereza mfundo yakuti mtunda ukaphatikizana ndi pobisalira umabala nthawi, ndipo nthawi imabala njira zina zothetsera vuto. Wapolisi akaimika galimoto yake pafupi ndi munthu wa mpeni n'kutsika mothamanga, wadzitsekera yekha pakona, chifukwa munthuyo akangoponya phazi limodzi, chotsala ndi kuwombera. Akaima patali, galimoto ili pakati pawo, sekondi imodzi ndi theka ya Tueller ija imasanduka mphindi zingapo, ndipo m'mphindi zimenezo mukhoza kufika bwana wa wapolisiyo, ambulansi, wapolisi wa CIT, kapena mbale amene amadziwa dzina la mankhwala omwe wodwalayo wasiya kumwa. Kubwerera m'mbuyo, komwe kale kunkatengedwa ngati mantha, kumaphunzitsidwa ngati luso. Akuluakulu athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwu wasanduka dongosolo la ntchito.

Chachiwiri ndi pakamwa. Munthu akachita mantha kwambiri, mtima umathamanga, maso amangoona chinthu chimodzi, ndipo makutu amakhala ngati atsekeka. Izi zimachitikira wodwalayo, zimachitikiranso wapolisi. Ndiye taganizirani apolisi anayi akukuwa nthawi imodzi, wina akuti taya mpeni, wina akuti gona pansi, wina akuti manja m'mwamba, wina akuti usagwedezeke. Ngakhale munthu wabwinobwino sangadziwe lamulo loti amvere. N'chifukwa chake amaphunzitsidwa kuti wolankhula akhale mmodzi yekha, ena onse aziyang'anira chitetezo ndi kuthamangitsa oonerera. Wolankhulayo amauzidwa kuti pa nthawi yonse ya kukambirana, magawo anayi mwa asanu akhale akumvetsera, ndipo mafunso ake akhale oti munthu sangayankhe ndi eya kapena ayi.

Tiyerekeze m'chinenero chathu. Kukuwa kuti "Iwe, taya chimenecho!" kakhumi sikusintha kanthu ngati sikunagwire ntchito kawiri koyamba. Wapolisi wophunzitsidwa amatsitsa mawu n'kunena kuti, "Bambo, ine ndaima pompano, sindikuyandikirani. Dzina lanu ndani? Chakusautsani lero n'chiyani?" Bamboyo akati anthu akufuna kumupha, wapolisi samutsutsa kuti palibe amene akumufuna, komanso samunamiza kuti nayenso akuwaona anthuwo. Amangoti, "Ndikuona kuti mwachita mantha kwambiri. Ndikufuna ndikuthandizeni, koma mpeniwo ukundiopsa nanenso. Mungauike pansi kuti tikambirane bwino?" Chinthu chimodzi chomwe alangizi amaletsa kwambiri ndi kulonjeza zomwe sizichitika, chifukwa munthu amene wanamizidwa lero adzakumananso ndi wapolisi wina mawa.

Chachitatu ndi kaganizidwe. ICAT inabwereka kwa apolisi a ku Britain njira yopangira chisankho yomwe imazungulira ngati gudumu: sonkhanitsa zomwe zikudziwika, yesa kuopsa kwake, ganizira zomwe lamulo likukulola, sankha njira yabwino mwa zomwe zilipo, chita, kenaka yang'ananso ngati zagwira ntchito. Pakati pa gudumulo pali mfundo yakuti moyo wa munthu aliyense ndi wopatulika ndipo mphamvu iyenera kulingana ndi kuopsa komwe kulipo. Funso limodzi lomwe njirayi imakakamiza wapolisi kudzifunsa ndi lakuti, kodi n'kofunika kuti ndichitepo kanthu pompano, kapena nkhaniyi ikhoza kudikira? Munthu amene wadzitsekera yekha m'chipinda ndi mpeni sakuopseza wina aliyense kufikira chitseko chitathyoledwa.

Zonsezi saziphunzira pongomvera mphunzitsi. Amaonera makanema a zochitika zenizeni, abwino ndi oipa omwe, kenaka amachita masewero momwe munthu wina amakhala ngati wodwala, ndipo amasintha khalidwe malinga ndi momwe wapolisi akumulankhulira.

Chitsanzo chomwe chimaonetsedwa kawirikawiri chinachitika ku Camden, m'chigawo cha New Jersey, mu Novembala 2015. Bambo wina analowa m'malo odyera ali ndi mpeni, kenaka anatuluka n'kuyamba kuyenda mumsewu wa Broadway akuugwedeza m'mwamba. Apolisi sanamutsekere njira. Anamuzungulira motalikira n'kumayenda naye limodzi, ena ali patsogolo kuimitsa magalimoto ndi kupatutsa anthu oyenda pansi. Anayesa kumugwetsa ndi chida cha magetsi chotchedwa Taser koma sichinagwire, ndipo ngakhale zinatero sanathamangire njira yomaliza yomuwombera. Anapitiriza kuyenda naye kwa mphindi zingapo mpaka mpata unapezeka womugwira, ndipo palibe chipolopolo chomwe chinaphulika. Malinga ndi chiphunzitso chakale chija, bamboyo analowa mkati mwa mafiti 21 kangapo konse.

Umboni wa ku Louisville

Chodabwitsa n'chakuti maphunzirowa anafalikira m'dziko lonse umboni usanapezeke. Robin Engel, katswiri yemwe panthawiyo anali pa University of Cincinnati, ndi anzake anasanthula kafukufuku yense wa zaka 40 pa nkhani yoziziritsa mkangano. Anapeza malipoti 64, ambiri mwa iwo okhudza anamwino ndi ogwira ntchito m'zipatala za matenda a maganizo, ndipo panalibe ngakhale limodzi loyesa apolisi. Kafukufuku wa CIT nayenso amasonyeza chithunzi chosakwanira: apolisi amasintha maganizo awo pa odwala ndipo amatengera anthu ambiri kuchipatala, koma umboni woti kuvulala ndi imfa zimachepa ndi wofooka.

Ku Louisville kunachitika mayeso oyamba olimba. Vuto la kafukufuku wa mtundu uwu n'lakuti ngati muphunzitsa apolisi onse nthawi imodzi kenaka nkhanza n'kutsika, simungadziwe ngati chatsitsa ndi maphunziro, nyengo yozizira, kapena mkulu watsopano. Engel ndi anzake anachita monga amachitira alangizi a zaulimi poyesa feteleza, pomwe ndime zina za munda zimathiridwa ndipo zina zimasiyidwa kuti pakhale poyerekezera. Magawo a apolisi a mumzindawo anaikidwa m'magulu, ndipo maere ndi omwe anasankha gulu loyamba kuphunzira, lotsatira ndi lomaliza. Motero mwezi uliwonse panali apolisi ophunzira kale ndi osaphunzira, akugwira ntchito mumzinda umodzi pa nyengo imodzi. Apolisi 1,049 anaphunzira ICAT kwa masiku awiri, pakati pa Febuluwale ndi Novembala 2019.

Zotsatira zake zinali zakuti kugwiritsa ntchito mphamvu kunatsika ndi 28 peresenti, kuvulala kwa anthu wamba kunatsika ndi 26 peresenti, ndipo kuvulala kwa apolisi kunatsika ndi 36 peresenti. Nambala yomalizayi ndi yomwe inasintha mkangano, chifukwa inayankha mwachindunji mantha a mabungwe aja akuti kuzengereza kuphetsa apolisi. Poganizira bwino, sizodabwitsa kwenikweni: wapolisi amavulala kwambiri akamalimbana ndi munthu pansi, ndipo kulimbanako kukachepa, mabala amachepa mbali zonse.

Koma manambalawa ali ndi malire omwe ofufuzawo sanabise. Anachokera mumzinda umodzi. Amadalira malipoti olembedwa ndi apolisi eni ake. Sanayese imfa, chifukwa kuwombera anthu mumzinda umodzi pa chaka chimodzi n'kochepa kwambiri kuti masamu anene kanthu kodalirika. Anapezanso kuti akuluakulu oyang'anira apolisi tsiku ndi tsiku sankakumbutsa anyamata awo kawirikawiri zomwe anaphunzira, ndipo aliyense amene anapitako ku maphunziro a masiku awiri a kuntchito amadziwa momwe zinthu zimazilalira ngati bwana sazifunsa. Ngakhale zili choncho, mu Disembala 2022 Pulezidenti Joe Biden anasaina lamulo lomwe aphungu a zipani zonse ziwiri anavomereza, lopereka ndalama za boma zothandizira maphunziro oterewa.

Kugwirizana kwake ndi umoyo wa anthu m'dera

Pano m'pofunika kusamala, chifukwa palibe mzere wowongoka wochokera m'kalasi la apolisi kukafika pa mtendere wa mudzi wonse. Chomwe chilipo ndi maumboni awiri osiyana: woyamba ukusonyeza kuti maphunziro akhoza kuchepetsa kugwiritsa ntchito mphamvu, ndipo wachiwiri ukusonyeza kuti nkhanza za apolisi zimapweteka anthu ambiri kuposa amene wamenyedwayo. Kulumikiza awiriwa n'kwanzeru, koma ndi kulingalira kwathu, osati chinthu choyesedwa.

Umboni wachiwiriwu ndi wolemera. Mu 2018 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wa Jacob Bor ndi anzake, yemwe anapeza kuti apolisi akapha munthu wakuda wopanda chida, anthu akuda a m'chigawo chonsecho, ngakhale osamudziwa womwalirayo, amanena kuti masiku awo osowa mtendere m'maganizo achuluka pa mwezi umodzi kapena iwiri yotsatira. Atawonkhetsa dziko lonse, anayerekeza kuti ndi masiku 55 miliyoni pa chaka. Kwa azungu a m'zigawo zomwezo kusinthaku sikunaoneke. Katswiri wina, Desmond Ang wa ku yunivesite ya Harvard, anayang'ana ana a sukulu za sekondale ku Los Angeles ndipo anapeza kuti okhala pafupi kwambiri ndi pomwe apolisi anapha munthu ankajomba kusukulu masiku otsatira, malikisi awo ankatsika kwa matemu angapo, ndipo ena sankamaliza n'komwe sukulu. Vutoli linali lalikulu pakati pa ana akuda ndi a Chihispaniki (a m'mabanja ochokera kumayiko olankhula Chisipanishi), makamaka ngati wophedwayo analibe chida.

Palinso nkhani ya chikhulupiriro. Mayi amene mwana wake wadwala misala n'kuyamba kuswa zinthu m'nyumba amayamba wadzifunsa asanaimbe foni: kodi akubwerawo adzamuthandiza kapena adzamupha? Akaopa, saimba, ndipo amalimbana nalo yekha vutolo mpaka wina avulale. Chimodzimodzi mboni ya mlandu wakupha, yomwe imasankha kukhala chete ngati inaonapo apolisi akunyoza anthu a m'dera lake. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi David Weisburd m'mizinda ya Tucson, Cambridge ndi Houston anayesa kuphunzitsa apolisi oyendera malo ovuta kuti azimvetsera, azifotokoza chifukwa chomwe amuimikira munthu, ndipo azilankhula mwaulemu. M'malo omwe munkayenda apolisi ophunzitsidwawo, anthu omangidwa anachepa kwambiri, umbanda unatsika ndi pafupifupi 14 peresenti poyerekeza ndi malo enawo, ndipo okhalamo ochepa ankanena kuti apolisi amavutitsa anthu.

Pomwe maphunziro safika

Tibwerere kwa Breonna Taylor. Usiku umenewo panalibe munthu wosokonezeka woti alankhulidwe naye modekha. Apolisi ovala wamba anapita ndi chikalata cha khoti chofufuzira nyumba pa mlandu wa mankhwala osokoneza bongo, anathyola chitseko, ndipo chibwenzi cha mayiyo, yemwe ananena kuti ankayesa ndi achifwamba, anawombera kamodzi n'kulasa wapolisi mwendo. Apolisi anabwezera zipolopolo 32. Zolakwika zazikulu zinachitika kale asanafike pakhomopo: momwe chikalatacho chinapezedwera, chisankho chopita usiku, ndi dongosolo lonse la ulendowo. Maphunziro a masiku awiri okhudza munthu wa mpeni pamsewu sakhudza chilichonse mwa zimenezi. Mzindawo unalipira banja lake madola 12 miliyoni, ndipo mu Malichi 2023 unduna wa zachilungamo wa dzikolo unatulutsa lipoti lonena kuti apolisi a ku Louisville anali ndi chizolowezi chogwiritsa ntchito mphamvu mopyola muyeso, kufufuza nyumba mosatsata lamulo, ndi kusala anthu akuda.

Nkhani ya George Floyd ikusonyeza malire a mtundu wina. Pa mlandu wa Derek Chauvin, yemwe anapanikiza Floyd ndi bondo uja, mu 2021 khoti linamva kuti wapolisiyu anachita maphunziro a maola 40 a momwe angathandizire munthu amene ali pa vuto la maganizo mu 2016. Chidziwitso anali nacho. Chomwe maphunziro sangachite ndi kukakamiza munthu kugwiritsa ntchito zomwe akudziwa, ndipo apa m'pomwe pamalowa malamulo a ntchito, kuyang'anira kwa akuluakulu, udindo wa wapolisi woletsa mnzake akamalakwa, ndi chilango chenicheni.

Pali enanso omwe amafunsa ngati wapolisi ndiye woyenera kutumizidwa poyamba. Mu Juni 2020 mzinda wa Denver unayambitsa ntchito yotchedwa STAR, momwe mafoni ena okhudza matenda a maganizo, kuledzera ndi kusowa pokhala amayankhidwa ndi katswiri wa zamaganizo pamodzi ndi wachipatala wa pa ambulansi, popanda wapolisi. Kafukufuku wa mu 2022 anapeza kuti malipoti a milandu ing'onoing'ono anatsika ndi 34 peresenti m'madera omwe ntchitoyi inkachitika, ndipo milandu ya chiwawa sinakwere. Njira imeneyi siilowa m'malo mwa maphunziro a apolisi, chifukwa munthu wa mpeni amafunabe wapolisi, koma imachepetsa nthawi zomwe mfuti imafika pamalo pomwe pamangofunika mankhwala ndi bulangete.

Kwa owerenga a kwathu kuno, mfundo yoyambira si ya ku America yokha. Mfundo za bungwe la United Nations zokhudza kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu ndi mfuti, zomwe zinavomerezedwa ku Havana mu 1990, zimati apolisi ayambe ayesa njira zopanda chiwawa, ndipo zimatchula kukambirana ndi kuyanjanitsa ngati zinthu zoyenera kuphunzitsidwa. Koma manambala a ku Louisville sangasamutsidwe momwe alili. Kudekha kwa wapolisi kumapindula ngati pali komutengera wodwalayo akatsika mtima, ndipo ku Malawi chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo ndi cha ku Zomba, chomwe chili kutali ndi maboma ambiri. Komanso ICAT inakonzedwera munthu mmodzi, osati khamu. Zomwe zinachitika pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pomwe anthu pafupifupi 20 anafa, ndi nkhani ya kayendetsedwe ka chigulu cha anthu, yomwe ili ndi maphunziro ake ndi mafunso ake okhudza amene amalamula kuti zipolopolo zenizeni zigwiritsidwe ntchito.

Ku Louisville komweko nkhani siinathe. Pambuyo pa lipoti la 2023 lija, mzindawo ndi boma lalikulu anagwirizana kuti kusintha kwa apolisi kuziyang'aniridwa ndi khoti, koma mu Meyi 2025 unduna wa zachilungamo, pansi pa utsogoleri wa Pulezidenti Donald Trump, unalengeza kuti ukuchoka pa mgwirizanowo pamodzi ndi wina wonga umenewu wa ku Minneapolis. Mfumu ya mzinda wa Louisville, Craig Greenberg, inanena kuti mzindawo upitiriza kusinthako pawokha, ndi woyang'anira woima payekha amene mzinda womwewo udzamulemba ntchito.